Bearded dragon kapena Uromastyx: buluzi uti woweta?

Bearded dragon kwawo ndi m'madera ouma a pakati pa Australia. Uromastyx, wa mchira waminga uja, amakumba una m'zipululu za kumpoto kwa Africa ndi Arabia.

Kutentha: bearded dragon amafuna pamalo pootherapo pa madigiri 38 mpaka 42. Uromastyx amafuna 45 mpaka 50, choncho magetsi amadya ambiri.

Chakudya: bearded dragon amadya masamba ndi tizilombo tamoyo monga nkhululu ndi mphemvu, ndipo ali wamng'ono tizilomboto n'tatsiku ndi tsiku. Ndalama zimathera pamenepa. Uromastyx ndi wamasamba ndi timbewu ngati mawere. Nyama ikachuluka imamuwononga impso.

Chinyezi: Uromastyx sachipirira, amayamba kudwala m'chifuwa komanso kuwola mchira.

Onse awiri amafuna babu la UVB (lotulutsa kuwala konga kwa dzuwa kothandiza kulimbitsa mafupa), lomasintha pa miyezi 6 mpaka 12 ngakhale likuyakabe, ndi ufa wa calcium. Zikasowa, nsagwada imafewa, miyendo n'kupindika.

Woyamba kumene atenge bearded dragon, sachedwa kuzolowera manja. Uromastyx ndi wamanyazi, amayenera munthu wodekha amene kwawo magetsi sazimazima, ndipo kumudutsitsa malire kumafuna chilolezo cha CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire.