Mayi amene anatikaniza peony: mmene anatikongoletsera ukwati wa m'chisanu

Papita milungu itatu chichitikire ukwati wa mng'ono wanga, ndipo kamtolo ka masamba a bulugamu kamene ndinatola patebulo langa kadakali pawindo, kauma gwaa koma kakununkhirabe. Anthu angapo andifunsa pa WhatsApp kuti anatikongoletsera ndani, ndiponso ngati nawonso angapite komweko. Dzina la mayiwo sinditchula pano chifukwa ndinenanso pamene panatsimphina. Koma ntchito yawo ndiifotokoza yonse, mwina wina amene waika ukwati wake pakatikati pa nyengo yachisanu angatolepo kanthu.

Nkhani ya maluwa ndi zokongoletsa anandisenzetsa ine, poti ndine wamkulu ndipo akuti sindichita manyazi pofunsa. Mng'ono wangayo anali atasunga zithunzi zoposa 40 za pa Pinterest, tsamba la zithunzi la pa intaneti, ndipo pafupifupi chilichonse chinali ndi duwa limodzimodzilo, peony, lija lalikulu lofutukuka ngati kabichi wapinki. Tinapita kwa okongoletsa atatu. Awiri oyamba anangoti zonse zitheka, musadandaule. Achitatuwa, mayi achikulire ndithu, anayang'ana zithunzizo mofatsa, kenako n'kuika foni pansi. Za mitundu sanafunse. Anafunsa kuti mwambo uyamba nthawi yanji, dzuwa likulowa nthawi yanji masiku amenewo, muholo amatenthetsa ndi chiyani, ndiponso mkwatibwi adzaima panja mphindi zingati pojambulitsa. Atatero anatembenukira kwa mng'ono wanga n'kunena kuti, "Mwana wanga, duwa ili si la nyengo yanu. Ndikhoza kukupezerani, koma mudzandida."

Mng'ono wanga nkhope inagwa. Ine ndinayamba kuwakonda pomwepo.

Anatifotokozera kuti peony amamasula kwa milungu yochepa chabe, chisanu chikatha kunja kukamayamba kufunda. Kuti umupeze m'chisanu, ayenera kukwera ndege kuchokera mbali ina ya dziko lapansi kumene nyengo yatembenuka, ndipo amafika ali kandolo kolimba kamene mwina kamasula pa tsikulo, mwina kamasula mawa lake alendo atapita. Rozi ndiye alibe vuto limeneli. Amalimidwa chaka chonse m'madera okwera a pafupi ndi Equator, monga kuzungulira nyanja ya Naivasha ku Kenya, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,900, komanso ku Ecuador ndi ku Colombia, kumene usana sutalika kapena kufupika kwenikweni. Ena mwa maluwa amenewa amadutsa pa msika waukulu wa ku Aalsmeer ku Netherlands asanamwazike m'mayiko. Sindinkadziwa kuti duwa limene umalinyamula m'manja lingakhale litayenda kuposa iwe mwini.

M'malo mwa peony anatitulutsira ranunculus. Ndi duwa laling'onopo, koma timasamba take ndi tambirimbiri, topyapyala ngati pepala, tosanjikizana mozungulira, ndipo ukaliyang'ana chapatali sungalisiyanitse kwenikweni ndi limene mng'ono wanga ankalirira. Ubwino wake ndi wakuti limakonda kozizira. Anawonjezapo anemone woyera wa diso lakuda pakati, rozi wa mtundu wa mkaka, ndi rozi wofiira moderako, wongodontheza apo ndi apo. Zobiriwira zinali bulugamu wa masamba ozungulira otuwira ndi nthambi za paini, ndi tizipatso take touma tija.

Kenako anatchula carnation, ndipo apa ndiye panavuta. Mng'ono wanga anati limenelo ndi duwa wamba, la m'mphepete mwa msewu, sangalione pa ukwati wake. Mayiwo sanakangane naye. Anangoti adzaliika pansi pa enawo, lodzazira mipata, lofiira moderako ngati rozi uja, ndipo akadzalizindikira pa tsikulo adzamubwezera ndalama yake. Sanalizindikire.

Chimene anakaniratu ndi orchid. Apongozi a mng'ono wanga ankafuna nthambi za orchid woyera zolendewera pakhomo lolowera, panja. Mayiwo anati maluwa ambiri odula amasungidwa mufiliji pa madigiri 2 kapena 3 ndipo amasangalala, koma a kumadera otentha monga orchid ndi anthurium amapsa ndi chisanu kukazizira kutsika madigiri 10. Timasamba timachita mawanga ngati tanyowa, kenako n'kuda. Pakhomo anaikapo paini ndi nyali basi. Ndinapita ndine kukawauza apongoziwo, ndipo ulendo umenewo sindikufuna kuukumbukira.

Pa nkhani ya zoyera, ndinawauza mayiwo zimene ndinawerengapo, kuti Mfumukazi Victoria anakwatiwa pa 10 February 1840 ku London, m'kati mwa chisanu cha kumeneko, atavala diresi yoyera ndi nkhata ya maluwa a malalanje kumutu, ndipo ambiri amati mtundu woyera unafala pa maukwati kuchokera pamenepo. Ndinkafuna kuwakopa kuti holo yonse ikhale mbuu. Anaseka n'kunena kuti diresi ikhale yoyera, koma chipinda choyera paliponse m'nyengo yozizira chimaoneka ngati chipatala, munthu akangolowa amamva tsembwe. Anayala nsalu zokhuthala zobiriwira moderako pakatikati pa matebulo, zoikapo makandulo zikhale zamtundu wa mkuwa. Apa ananena zoona, ndipo zithunzi zikuchitira umboni.

Kutatsala masiku awiri ndinapita kumene amagwirira ntchito, ndipo ndi kumene ndinaona kuti ndalama yathu ikupita kuti. M'chipindamo munali mozizira moti atsikana awiri owathandiza anavala majuzi awiriawiri. Ndowa zinali ndandanda pansi, zotsukidwa mbee. Duwa lililonse ankalidula phesi mopendeketsa ndi mpeni wakuthwa, kuthothola masamba onse amene angamire m'madzi, n'kuliika mundowa msangamsanga phesi lisanakoke mpweya. M'madzimo ankathiramo kaufa kena, ndipo nditafunsa anati muli zinthu zitatu: shuga woti duwa lidye, asidi pang'ono woti madzi azikwera bwino m'phesi, ndi mankhwala opha tizilombo timene timatseka njira za madzi. Rozi anali atafika kale dzulo lake kuti amasule pang'onopang'ono. Anemone anali asanafike, poti iye sachedwa kutseguka.

Ndinalowa ndi jumbo ya maapozi amene ndinagula panjira, ndipo mayiwo atangoiona anandilozera pakhomo. "Achemwali, izo zisiyeni m'galimoto." Ndinayesa nthabwala. Iwo anati zipatso zakupsa zimatulutsa mpweya wotchedwa ethylene, umene umakalambitsa maluwa, ndipo carnation ndiye amaumva msanga kuposa ambiri, amangofota ngati wagona. Mawu amenewa ndinadzawakumbuka pa tsiku la ukwati, mudzamva chifukwa chake.

Ndinaonanso kuti sagwiritsa ntchito siponji yobiriwira ija imene okongoletsa ambiri amabayamo maluwa. Iwo amapinda waya wa khola la nkhuku n'kumulowetsa m'mbale ya madzi, maluwa n'kumaima m'mabowo mwake. Anati siponjiyo ndi pulasitiki amene amanyenyeka n'kulowa m'madzi, ndipo bungwe la Royal Horticultural Society la ku Britain linailetsa pa zionetsero zake za maluwa, kuphatikizapo cha ku Chelsea mumzinda wa London, kuyambira 2021. Kwa ife phindu lake linali lakuti maluwa ankamwa madzi enieni usiku wonse. Kuipa kwake, mbale zotere zimatayikira ponyamula, ndipo nsalu ya tebulo limodzi inafika pa mwambo ili ndi chibanga chonyowa chimene tinachibisa ndi mbale ina.

Azakhali athu anaumirira kuti pakhale maluwa a lily, akuti ukwati wopanda lily si ukwati. Mayiwo analolera, koma anakhala pansi ndi kapepala kofewa n'kumathothola timitu ta mungu m'duwa lililonse, limodzilimodzi. Mungu wa lily ukagwera pa diresi yoyera suchoka wamba. Anandipatsa kampukutu ka selotepi koti ndiike m'chikwama, n'kundichenjeza kuti ukagwera ndisapukute ndi dzanja kapena kuthira madzi, ndingomata tepi n'kumatula. Sindinaigwiritse ntchito, koma ndinayenda nayo tsiku lonse ngati chithumwa.

Mbali imene anaposa onse ndi ya kuwala. M'chisanu dzuwa silichedwa kulowa, ndipo phwando lathu linali loti theka lake lichitika kutada. Mababu a muholo anali oyera mobaya m'maso, aja amachititsa aliyense kuoneka ngati wadwala. Mayiwo anapita okha kukaona holoyo madzulo, nthawi yeniyeni imene phwando lidzachitike, osati masana monga anachitira ena aja. Anauza eni holo kuti adzazimitse mababu apakati, iwo n'kubweretsa timagetsi ta LED ta kuwala kofiirira, kumene pa paketi amalemba kuti 2700K, kofanana ndi kwa babu lakale lija. Makandulo onse anali m'magalasi ataliatali kuposa lawi, chifukwa paini wouma ndi moto sizigwirizana, komanso manja a malaya a alendo amadutsa pamwamba pa tebulo. Wojambula zithunzi, amene tsiku lonse ankangodandaula, anafika pondiuza kuti nkhope za anthu zikutuluka bwino.

Tsopano zimene sizinandisangalatse.

Choyamba ndi foni. Kutatsala mlungu umodzi mayiwo anasowa masiku atatu athunthu. Mauthenga ankaoneka kuti awerengedwa, yankho osabwera. Mng'ono wanga analira usiku wina poganiza kuti atithawa. Atapezeka anati anali ndi ukwati wina, ndipo sindikukayika, koma mawu awiri okha akanatigonetsa tulo.

Chachiwiri ndicho chinandipweteka kwambiri, chifukwa chinali chinthu chimene iwo eni anatiphunzitsa. Anamaliza kukongoletsa m'mawa, holo ikadali yozizira, zonse zili bwinobwino, n'kunyamuka ndi atsikana awo onse. Masana anyamata a paholo, poopa kuti alendo azizidwa, anakoka mahita awiri a gasi n'kuwaika mbali iyi ndi iyo ya tebulo la akwati, pafupi penipeni ndi maluwa aakulu aja. Hita imaumitsa mpweya, ndipo ya gasi ikamayaka mosakwanira imatulutsanso ethylene yemwe uja wa maapozi anga. Pamene tinkalowa, anemone wa mbali ya kumanzere anali atatseguka mopitirira n'kuweramitsa mitu, hydrangea mmodzi yekhayo amene anamuika pakati, duwa la mutu waukulu wa timaluwa tambirimbiri, atalefuka ngati nsanza. Ndinavula nsapato zazitali, ine ndi mlamu wanga n'kukankhira mahitawo kukhoma, alendo akuyang'ana. Ndinazula hydrangea uja n'kukamumiza mutu wonse m'sinki ya madzi ozizira, poti ndinamva mayiwo akunena kuti duwa limeneli limamwanso ndi timasamba take. Patapita mphindi ngati 40 anadzukako, koma sanabwererenso mwakale. Tsiku lonse tinkaopa chisanu cha panja, chikhalirecho maluwa a mkwatibwi anapirira bwinobwino mphindi 20 za kujambulitsa pamphepo, ndipo amene anavulala ndi a m'nyumba mofunda. Mayiwo akanasiya mtsikana mmodzi mpaka alendo atakhala pansi, kapena akanangolankhula ndi eni holo za malo a mahita, izi sizikanachitika. Funso la mahita analifunsa okha tsiku loyamba lija, ndiye sindikumvetsa kuti linathera pati.

Chachitatu ndi chaching'ono koma chimakwiyitsa. Ndalama yodzatenga magalasi, mbale ndi nsalu mawa lake sinali m'pangano lolembedwa. Inangotulukira pa risiti yomaliza. Tinalipira, koma ndinawauza maso ndi maso kuti sizinandikomere, ndipo anapepesa osazemba.

Timaluwa ta pajekete ta mkwati ndi aperekezi ake tinali ta ranunculus, ndipo sitinafike madzulo. Phesi lake ndi lofewa, la mphako, ndiye munthu akakumbatiridwa kakhumi kaduwako kamathyoka khosi. Pamenepa pakanayenera rozi wamng'ono kapena carnation yemwe uja. Mashawelo okhuthala amene anatiuza kuti tigulire aperekezi aakazi, ofanana mtundu ndi nsalu za patebulo, ndiwo anathandiza kwabasi. Palibe amene anatuluka pa chithunzi atakumbatira mapewa.

Amene mwandifunsa ngati ndingapitenso kwa mayi amenewa, inde ndingapite, ndipo msuweni wanga ndamutumiza kale komweko. Ndamuuza kuti alembetse m'pangano zinthu ziwiri, kuti munthu wawo mmodzi adzakhalapo mpaka phwando litayamba, ndiponso kuti ndalama yonyamula katundu pobwera ndi pobwerera ili m'kati. Ndamuuzanso kuti akapite nawo kuholo madzulo, akaloze ndi chala pamene hita iliyonse idzaime, mwini holo ali pomwepo akumva.

Maluwa otsala tinagawana. Anemone anayoyoka tsiku lachitatu, rozi anafika mlungu umodzi. Amayi anatenga mbale imodzi yathunthu, ndipo Lamlungu lapitali mng'ono wanga atapita kukawaona anapeza maluwa ofiira moderako adakali chiimire pakabati, patatha masiku 15. Anafunsa kuti rozi ameneyu ndi wamtundu wanji wosafota. Amayi anamuuza kuti afunse ine, ndipo mpaka lero sindinamuyankhe.