Natalizumab ndi ocrelizumab: njira ziwiri zoletsera maselo a T

Pa matenda a multiple sclerosis, maselo a T, omwe ntchito yawo ndi kuteteza thupi, amalowa mu ubongo n'kuyamba kuwononga myelin, chikuto cha minyewa. Maso amayamba kuona mwachimbuuzi, miyendo imachita dzanzi.

Natalizumab, amodzi mwa mankhwala a matendawa, amatsekera maselo a T khomo. Amamatirira pa maselowa kuti asatuluke m'mitsempha ya magazi kulowa mu ubongo, ndipo amaperekedwa m'diripi pa milungu 4 iliyonse. Ndi wamphamvu zedi, koma ubongo umatsala wopanda alonda: kachilombo ka JC, komwe ambiri tili nako osadziwa, kangayambitse PML, matenda a mu ubongo omwe amatha kupha. N'chifukwa chake anachotsedwa pamsika mu 2005, n'kubwerera mu 2006 ndi malamulo okhwima. Munthu akamusiya, matenda angathe kubwerera mwaukali, ndipo zimenezi zimandidetsa nkhawa kwambiri.

Ocrelizumab, wovomerezedwa mu 2017, amachotsa maselo a B (maselo enanso oteteza thupi) okhala ndi puloteni ya CD20, omwe amasonkhezera maselo a T. Diripi yake ndi ya pa miyezi 6 iliyonse, ngakhale chitetezo cha thupi chimatha kutsika pakapita zaka.

Kwa wodwala amene magazi ake asonyeza JC, ine ndikuona kuti ocrelizumab ndiye woyenera kuyamba kukambirana ndi dokotala.