Sola, ESCOM kapena jenereta: ndalama zimathera pati?

Tikawerengera mtengo wa yuniti imodzi, magetsi a ESCOM ndiwo otsika mtengo. Ambiri amachokera ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo madzi sagulidwa kunja. Vuto lake ndi kuthimathima. Namondwe wa Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo mdima sudasankhe Ndirande kapena Namiwawa.

Jenereta imakopa chifukwa pogula siboola kwambiri m'thumba, koma imadya tsiku lililonse: dizilo, oyilo, makaniko. Dizilo akasowa mumakaswera pamzere ndi chigubu. Ine pakhomo pogona ana sindingaiike. Utsi ndi phokoso lokha zikudanitsani ndi aneba.

Sola ndiyo yofuna kuiganizira mofatsa. Ndalama zambiri mumalipiriratu: mapanelo, inveta (kachipangizo kosintha mphamvu ya m'batire kukhala magetsi a m'nyumba), mabatire ndi mmisiri wodziwadi ntchito. Zipangizozi n'zochokera kunja, n'chifukwa chake kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo idakwera nayo. Mapanelo abwino amapitirira zaka 20, koma batire limatha msanga, ndipo ndi pomwe ambiri amapwetekera. La lifiyamu ndi lodula, komabe limakhalitsa kuposa la asidi. Musaiwalenso chiperoni cha mu Juni ndi Julayi: dzuwa likabisala masiku angapo, batire laling'ono limakusiyani mumdima.

Kwa amene ali kale pa ESCOM, ndingasankhe sola yaing'ono ya mababu, firiji ndi mafoni. Kuka yophikira, giza yotenthetsera madzi ndi ayironi zizidikira magetsi akayaka.