Malo osungirako ana awa ndikuwapatsa nyenyezi ziwiri basi, ndipo imodzi ndi ya anti a usiku aja

Ndakhala ndikuzengereza kulemba izi chifukwa pamalo paja pali anthu ena omwe anamuchitira mwana wanga zabwino ndipo sindikufuna aziona ngati ndine wosayamika, koma sabata yatha mayi wina anandiimbira kufunsa ngati angatumizeko mwana wake, nde ndaona kuti bola ndingolemba pano aliyense aziwerengera yekha. Dzina la malowo sinditchula. Ndi malo aja osungirako ana ovuta khalidwe, amagona konko, sukulu ili konko, alangizi ali konko.

Mnyamata wanga anapitako ali ndi zaka 13. Sindinama, anali atatitopetsa, mkwiyo wake unali woti akayamba amaswa chilichonse chili pafupi, usiku amathawa, kusukulu anali atamuchotsa kawiri. A sosholo atatiuza za malowa ine ndinachita kupuma kuti mwina apa tapeza thandizo. Anakhalako miyezi 8.

Zabwino zilipo ndithu. Malo ndi aukhondo, zogona zabwino, tsiku lokaona ana salisinthasintha, aphunzitsi a masamu anamupirira mpaka mwana amene ankadana ndi buku anayamba kundionetsa makope ake. Pamenepo sindingawanene.

Vuto lili pa chipinda china chomwe iwo amachitcha chipinda chopumira. Tsiku lotionetsa malo anatilowetsamo, makoma opentedwa bwino, matiresi pansi, mulibe china chilichonse, akuti mwana akapsa mtima amabwera muno kuti mtima ukhale pansi. Ine kumangogwedeza mutu, eee zabwino zimenezi. Chitseko chinali chotsegula nde sindinaone kuti mkati mulibe chogwirira, chogwirira ndi loko zili kunja kokha, ndi kawindo kakang'ono pamwamba kosuzumirapo. Ndipo pa mafomu omwe ndinasayina panali kamzere kena koti antchito atha kumugwira mwana pofuna kumuteteza, ndinasayina osafunsa kuti kugwira kwake kotani, kholo lotopa limasayina chilichonse.

Mwezi wachitatu ndinapita kukamuona ndikupeza tsaya lake lakumanzere lasupuka, kuchokera pafupi ndi diso mpaka kuchibwano. Ndikumufunsa akuti wagwa posewera mpira, akuyankha maso ali kwa wantchito yemwe anaima pakhomo. Titatuluka panja awiriwiri mpomwe anandiuza. Akuti, amayi, antchito anandigoneka chafufumimba pa kapeti, wina anakhala pa miyendo wina anandikanikiza pamsana manja atandipindira kumbuyo, ndimawauza kuti sindikupuma iwo amati ngati ukulankhula ndiye kuti ukupuma. Kenako anamukokera mchipinda muja. Anagogoda kupempha kutoileti palibe anatsegula, mpaka anakodzera pakona, mmawa anamupatsa chokolopera kuti akolope yekha. Pondiuza za mkodzozo mpomwe analira, za tsaya sanalire.

Mlandu wake? Nthawi yogona itakwana anakana kuchoka pa sofa, anatukwana wantchito. Kutukwana nkoipa inde, ine ndemwe ananditukwanapo kambirimbiri, koma sanamenye munthu, sanadzivulaze, sananyamule kanthu.

Ndinapempha lipoti la tsikulo, linatenga masabata awiri kuti lituluke. Analemba kuti anamugwira kuyambira 7:42 mpaka 7:58, mchipinda analowa 8:00 natuluka 11:15, ndipo pamzere wa chifukwa analemba kuti mwana anali pachiopsezo. Chiopsezo chanji sanalembe. Za tsaya sanalembe. Za chafufumimba sanalembe, anangoti anathandizidwa kukhala pansi, mawu okoma ngati amupatsa mpando. Nditaumirira kuti andipatse malipoti onse ndinapeza kuti pa miyezi 8 ija anamugwira ka 11, ine anandiimbira foni kawiri kokha.

Usiku umenewo sindinagone, ndinangokhala pa foni kuwerenga, ndipo zomwe ndinapeza zinandizizilitsa nkhongono. Mawu aja oti ngati ukulankhula ndiye kuti ukupuma ndi bodza lomwe laphetsa ana. Munthu atha kutulutsa mawu ndi kampweya kochepa komwe katsala koma chifuwa chikapanikizidwa sichitha kukokanso mpweya wina, nde mwana amalimbana kwambiri chifukwa akubanika, omugwira nkumaona ngati akuchita makani nkuonjezera mphamvu, akadzangoti zii iwo amati wagonja. Ku England mu 2004 mnyamata wa zaka 15, Gareth Myatt, anafera mmanja mwa antchito atatu pamalo otchedwa Rainsbrook, anamugwira atakhala nkumuweramitsa kutsogolo, iye akunena kuti sakupuma, ndipo nkhani yonse inayamba chifukwa anakana kutsuka kamakina kootchera sangweji. Ku Kalamazoo ku Michigan mu April 2020, Cornelius Fredericks wa zaka 16 anaponya sangweji mchipinda chodyera ku Lakeside Academy, antchito anamugwetsa pansi nkumukanikiza mphindi pafupifupi 12, anamwalira pa 1 May. Mphindi 12. Lipoti la mwana wanga likuti 16. Ndipo si zachilendo ayi, kale mu 1998 nyuzi ya Hartford Courant ku America inawerenga anthu 142 omwe anafa pa zaka 10 chifukwa chogwidwa kapena kutsekeredwa mmalo osamalira anthu, oposa kota ya iwo anali ana.

Chomwe chinandipweteka nchoti malamulo ake alipo kale, si zoti anthu sadziwa. Malangizo a United Nations a 2009 okhudza ana osungidwa kunja kwa banja lawo amanena kuti mphamvu ndi kugwira mwana zisagwiritsidwe ntchito pokhapokha ngati palibiretu njira ina yotetezera mwanayo kapena anthu ena, osati ngati chilango. Malamulo ena a United Nations otchedwa a Havana a 1990 amaletseratu kutsekera mwana payekha ngati chilango, ndipo amenewo ndi a ana omwe ali mndende, nanji wanga yemwe sanapalamule mlandu kukhoti. Ku America malo ogonera ana odwala maganizo omwe amalandira ndalama za boma za zaumoyo zotchedwa Medicaid, chilolezo chimodzi chogwira kapena kutsekera mwana wa zaka 9 mpaka 17 sichipitirira maola awiri, wosakwana zaka 9 ola limodzi, makolo amayenera kuuzidwa mwamsanga ndipo pasanathe maola 24 antchito amayenera kukhala pansi ndi mwanayo kukambirana zomwe zinachitika. Wanga anakhala maola atatu ndi kota ndipo palibe anakhala naye pansi, anangomupatsa chokolopera chija.

Ndinapita kwa a manejala ndi mapepala anga. Anandilandira bwino, mayi khalani apa, mayi tikumvetsa nkhawa yanu, antchito athu onse anaphunzitsidwa kagwiridwe koyenera. Ndinati chabwino ndionetseni kamera ya tsikulo. Akuti ya mukhonde imeneyo sinkagwira sabata imeneyo. Ndinafunsa kuti mwezi watha ana onse pamodzi anagwidwa kangati, akuti zimenezo nzachinsinsi. Ine sindinapemphe maina a ana a eni, ndinapempha nambala chabe. Anandiperekeza mpaka pageti akumwetulira, mxii.

Koma ndisawaunjikire zonse antchito wamba. Mmodzi anandinong'oneza kuti shifiti ya usiku amakhala awiri pa ana 14, ena angoyamba ntchito mwezi womwewo, maphunziro ake masiku ochepa ndipo mbali yaikulu nkuphunzira kagwiridwe osati kalankhulidwe. Munthu wotopa, ali ndi mantha, ana ena 13 akumuyang'ana kuti aone ngati agonje, chapafupi nkugwetsa mwana pansi basi. Nde vuto ine ndimaliona kwa eni malo omwe amapenta makoma koma osalemba anthu okwanira.

Nyenyezi yachiwiri ija ndi ya mayi wina wachikulire wa shifiti ya usiku, ana onse ankangomutcha anti. Mwana wanga akuti tsiku lina anakwiya kuposa la sofa lija, anagenda mpando kukhoma. Anti anangotulutsa ana enawo, iwo nkukhala pansi chapatali pafupi ndi khomo, khomo lili lotsegula, osamuyandikira osamuopseza, nkungoti ndili pompano mwanawe, ukatha undiuze. Anakalipa, anatukwana, anatopa, mapeto ake anakhala pansi nayenso nkuyamba kufotokoza kuti mnzake wina anamunena za bambo ake. Zinatenga mwina mphindi 40. Mwa malipoti 11 aja palibe ngakhale limodzi lomwe lili ndi dzina la anti, ndipo mwana wake ndi yemweyo, mkwiyo wake womwewo.

Pano ali kunyumba, tikuonana ndi mlangizi wina masana nkubwerera. Mkwiyo wachepako, kaya ndi malo aja kaya ndi kukula, koma wabwera ndi zina zomwe analibe. Sagona chitseko chili chotseka, kubafa amasiya pang'ono potsegula, ndipo mchemwali wake tsiku lina anangomugwira paphewa chakumbuyo mwamasewera, mwana anadzigwetsa pansi ataphimba mutu. Anapita kuja saopa munthu, chinali chimodzi mwa mavuto ake, koma sindinapemphe kuti amuchize chonchi.

Mayi uja anandiimbira ndinamuuza kuti sindingamuletse, mwana ndi wake ndipo ndikudziwa mmene kunyumba kumakhalira zikafika poti sukugonanso. Ndinangoti akapita asakathere nthawi pa mabedi ndi makalasi, akafunse ngati amagoneka ana chafufumimba ndipo yankho alilembe papepala asayine, akafunse kuti usiku amakhala antchito angati, komanso kuti mwana akagwidwa foni imalira tsiku lomwelo kapena ayi. Kenako akapemphe kulowa mchipinda chopumira chija yekha, awauze atseke chitseko, ayese kutuluka. Dzulo wanditumizira meseji kuti anapita, atapempha zoti atseke chitseko anamuuza kuti kiyi ali ndi munthu yemwe sanabwere.