Ferodo DS2500, Motul RBF 600 ndi mapaipi a Goodridge pa Golf 7 GTI: zimagwira mpaka pati?

Ma Golf 7 GTI ambiri oyenda mu N1 ndi M1 muno mu Johannesburg adaikidwa kale softiweya yowonjezera mphamvu, ya APR kapena Revo, koma mabuleki akadali omwe adachoka nawo kufakitale. Injini yomwe inkatulutsa 162 kW tsopano ikukoka kuposa pamenepo, pomwe kutsogolo kuli madisiki a 312 mm, okhuthala 25 mm, ndi kalipa (chopanikiza mapadi pa disiki) ya pisitoni imodzi. Eni ake akamva pedulo ikulefuka amathamangira kufunsa mtengo wa kiti yaikulu ya Brembo kapena AP Racing. Zinthu zitatu zomwe tikuziwunika panozi, mapadi a Ferodo DS2500 kutsogolo, fuluwidi wa Motul RBF 600 ndi mapaipi olukidwa ndi waya a Goodridge, mtengo wake wonse sufika ngakhale theka la kiti yotere, ndipo kwa anthu ambiri vuto limathera pomwepa.

Vutolo ndi kutentha. Mabuleki a kufakitale amaimitsa GTI bwinobwino kamodzi kapena kawiri. Mukaponda mwamphamvu ABS, yoletsa matayala kuloka, imadzuka, kusonyeza kuti tayala ndilo lafika pamapeto, buleki ikadali ndi mphamvu. Nkhani imasintha mukaponda kachisanu motsatizana. Galimoto ya makilogalamu 1,400 ikamatsika kuchoka pa 200 kufika pa 80 km/h, mabuleki amamwa kutentha koposa kawiri poyerekeza ndi kuima kuchoka pa 120 mpaka ziro. Ndi zomwe zimachitika kumapeto kwa msewu wowongoka wa pa thiraki yampikisano ya Kyalami polowa pa kona ya Crowthorne, kenaka potsika mtsetse wa Mineshaft, raundi iliyonse ya makilomita 4.5. Kuwonjezera apo Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, pomwe mpweya ndi wopepuka ndi maperesenti oposa 15 kusiyana ndi ku Durban, ndiye mphepo yodutsa m'kati mwa disiki imachotsa kutentha kochepa.

Mabuleki amalefuka m'njira ziwiri, ndipo muyenera kuzisiyanitsa musanatulutse khadi. Pedulo ikakhala yolimba koma galimoto osaima, kununkha ngati chapsa, ndiye kuti mapadi adutsa kutentha komwe angapirire. Pedulo ikafewa ngati mwaponda nthochi yakupsa n'kumapita pansi, fuluwidi wawira m'kalipa ndipo mukupondereza nthunzi. Choyambacho chimakupatsani mpata wochepetsa liwiro. Chachiwirichi chimabwera mwadzidzidzi.

N'chifukwa chake pa zitatuzi RBF 600 ndi yomwe ndalama yake imaoneka kwambiri. Muyezo wa fuluwidi wa mabuleki wa DOT 4 umangofuna kuti fuluwidi watsopano asawire pansi pa 230°C, ndipo akamwa madzi asawire pansi pa 155°C. RBF 600 watsopano amawira pa 312°C, womwa madzi pamwamba pang'ono pa 200°C. Fuluwidi yemwe wakhala m'galimoto zaka zitatu, wadutsa mvula zonse za Highveld, amakhala atayandikira 155°C ija, ndipo ndi amene amawira paraundi yachitatu. Kuipa kwa RBF 600 n'kwakuti salola kumusiya: galimoto yopita ku thiraki musinthe kamodzi pachaka kapena kuposa, pomwe wa kufakitale amatha zaka ziwiri. Ndi wolemereraponso kuposa fuluwidi wopyapyala wa VW 501 14 yemwe ABS ndi ESC (yothandiza kuti galimoto isatsetsereke) zidapangidwira, koma kuzizira kwa Juni kuno sikufika poti izi zikusowetseni mtendere. Amene sapita ku thiraki kawirikawiri angachite bwino ndi ATE Typ 200, wowira pa 280°C. Castrol SRF amapirira madzi kuposa onsewa, womwa madzi amawira pa 270°C, koma mtengo wake ndi wina. DOT 5 musamuyandikire, ndi wa silikoni ndipo sasakanikirana ndi enawa, DOT 5.1 ndi mtundu wina.

RBF 600 amabwera m'mabotolo a 500 ml. Kutsuka makona onse anayi kumadya pafupifupi lita imodzi, koma ngati mukusinthanso mapaipi gulani atatu. Ngati galimoto ndi ya manyuwale, kilatchi imamwa m'kathanki komweko, ndiye nayonso mubulide. Kathankiko kasaume ngakhale kamodzi: mpweya ukalowa mu yuniti ya ABS, kupopa ndi phazi sikuutulutsa, pamafunika kompyuta yolumikiza ku galimoto, ya VCDS kapena OBDeleven, kuti pampu izungulire. Magalimoto ambiri omwe amachoka m'galaji pedulo ikadali yofewa amakhala atakumana ndi zimenezi.

DS2500 ndi padi ya pakatikati, ya msewu ndi thiraki. Imagwira ikadali yozizira, zomwe mapadi enieni ampikisano sachita, ndiye m'mawa wa chisanu pa loboti yoyamba simudzidzimuka. Ikatentha kagwiridwe kake sikasintha, ndipo apa ndi pomwe imapambanira: mukawonjezera phazi pang'ono, galimoto imawonjezeranso pang'ono. EBC Yellowstuff ndi yotsikirapo mtengo ndipo pamsewu ndi yabwino, koma pa thiraki imatopa msanga kuposa Ferodoyi.

Zoipa zake tisazibise. Fumbi ndi lambiri, lakuda, ndipo likanyowa n'kukhalitsa limamatirira pa marimu; amene amakonda kuti galimoto iziwala Loweruka ku shisanyama azitsuka sabata iliyonse. Imalira mukamaponda pang'onopang'ono m'chimpanipani cha pa Winnie Mandela Drive (yomwe kale inali William Nicol) kapena Empire Road, makamaka ikatha masabata osapondedwa mwamphamvu. Imadyanso disiki kuposa padi ya kufakitale. Onaninso m'bokosi ngati muli malo a kachingwe ka sensa. Ngati mulibe, getsi la mapadi pa dashibodi silikuchenjezaninso, muziyang'ana nokha. Padi ikatsala mamilimita atatu kapena anayi isapitenso ku thiraki, chifukwa padi yopyapyala imapititsa kutentha ku pisitoni mwachangu, fuluwidi n'kuwira ngakhale ndi wabwino.

Mapaipi a Goodridge ndi omwe amatamandidwa mopitirira. Sachepetsa mtunda woimira ngakhale ndi mita imodzi. Chomwe amachita n'choti safufuma akatentha ngati a labala, ndiye pedulo imakhala pamalo amodzi. Pa GTI ya 2013 kapena 2014 yomwe mapaipi ake akalamba kale, kusinthako kuli ndi nzeru. Pa Golf 7.5, yotuluka pambuyo pake, yosayenda kwambiri mungadikire. Poika, mawasha a kopa akhale atsopano, ndipo mukhotetse chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri, galimoto ili pa jeke komanso ili pansi, kuona kuti paipi sikukhudza tayala kapena shoka. Waya wolukidwawo ukamakhula chinthu umachipala ngati tupa, ndipo nawonso umaduka.

Pomwe ntchito yambiri imawonongekera ndi pa habu, pomwe disiki ndi tayala zimamangidwa. Disiki ikachotsedwa, nkhope ya habu ipalidwe ndi bulashi ya waya mpaka chitsulo chiwale. Kadzimbiri kochepa kotsala pamenepo kamapendeketsa disiki, ndipo pakatha makilomita masauzande angapo chiwongolero chimayamba kunjenjemera mukaponda. Makaniko wodziwa ntchito amaika geji ya wotchi pa disiki n'kuizungulitsa ndi dzanja. Singano isasunthe kuposa 0.05 mm. Ngati amene mwamupatsa galimoto, kaya ku Booysens kaya ku Wynberg, alibe gejiyi komanso toki rentchi, mufunseni kuti adziwa bwanji kuti disiki yakhala bwino. Mabawuti a matayala ndi 120 Nm, omangidwa modumphitsa, osati kuwombedwa ndi mfuti ya mpweya. Disiki yakale muiyeze: ya 25 mm malire ake ndi 22 mm, ndipo nambalayo idadindidwa pa disikipo. Kumbuyo kuli handibuleki yamagetsi, ndiye pisitoni siibwezedwa ndi kilampu musanaitsegule ndi kompyuta, apo ayi mota yake muiwononga.

Madisiki obooledwa timabowo amaoneka bwino kuseri kwa marimu koma pa thiraki ming'alu imayambira pa timabowo tomweto. Osalala kapena a mizere ndi omwe amapirira. Powerbrake, kampani ya kuno ku South Africa, imapanga a mizere, ndipo ubwino wake simudikira katundu wochokera kunja.

Mapadi atsopano amafuna kuwakhazika pa disiki. Pezani msewu wopanda anthu, zimitsani Auto Hold (yomwe imagwira mabuleki yokha mukaima), mutsike kuchoka pa 100 kufika pa 20 km/h ka 8 mpaka 10 motsatizana, mwamphamvu koma ABS isadzuke, osaima n'komwe. Kenaka yendani mphindi 10 osaponda kuti zizizire. Nkhani ya Auto Hold musaitenge mopepuka: mukaima mabuleki ali moto, iyo imapanikiza padi pamalo amodzi, padiyo n'kusiya chidindo chake pa disiki. Madisiki ambiri omwe anthu amati apindika amakhala ali ndi chidindo chimenechi basi. N'chimodzimodzi potuluka mu thiraki: raundi yomaliza ikhale yoziziritsa, ndipo mukafika ku mapiti onetsetsani kuti handibuleki yamagetsi sinadzikoke yokha pozimitsa injini, siyani galimoto mu P kapena mu giya, kapena muike chotchingira pa tayala.

Malire a zitatuzi ali pa disiki ya 312 mm yomweyo. Pamsewu, potsika mtsetse wa Van Reenen ndi anthu ndi katundu, ngakhale pa thiraki ya Zwartkops pomwe liwiro silikwera kwambiri, n'zokwanira. Pa Kyalami, ndi matayala ogwira ngati Michelin Pilot Sport Cup 2 komanso dalaivala woponda mochedwa, chitsulocho chimachepa: disiki imasanduka yabuluu, tinsalu ta labala ta pa pisitoni timapsa, mapadi amatha mopendekera. Wofika pamenepa sitepe yotsatira ndi madisiki a 340 mm, okhuthala 30 mm, pamodzi ndi makalipa ndi mabulaketi a GTI Performance kapena Golf R, omwe amalowa pa habu yomweyo komanso m'marimu a mainchi 18. Mukapita kumeneko mapadi a DS2500 mugula ena, chifukwa a kalipa ya 312 salowa mu ya 340, ndiye ngati mukudziwa kale kuti Kyalami muzipitako mwezi ndi mwezi, yambani ndi fuluwidi yekha, mapadi mudzagule makalipa atafika.