Madala a ku Ndirande anadzutsa kasikuta kanga ka 50cc, nkhani ya lamba, marola ndi kilatchi

Amene muli ndi timasikuta takale ta 50cc, ta injini ya 139QMB ija ambiri amangoti GY6, ndipo mumakhala mu Blantyre muno momwe kulikonse ungalowere ukumana ndi chitunda, ku Ndirande kuli madala ena ake amene ntchito ya mkati mwa kava wa lamba amaidziwa zenizeni. Galaja yake ilibe chikwangwani, ndi kashedi ka malata chabe chakufupi ndi kumsika komwe amagulitsa masipeyala, ndipo njinga zambiri zoima pamenepo ndi za akabaza, koma masikuta amawagwira bwino kuposa aliyense amene ndinamupititsirapo kanjinga kanga. Ndakhutira nayo ntchito yawo ngakhale pali tina tosasangalatsa.

Kanjinga kanali katatheratu mphamvu. Ponyamuka kamanjenjemera thupi lonse mpaka magalasi gwedegwede, kenako nkugwira modzidzimutsa. Ndikamakwera kwathu ku Soche injini imangolira mobanika, sipidi nkumatsika mpaka anthu apansi kumayenda nane limodzi, ndipo pa Masauko Chipembere Highway pomwe kale kamathamangako bwino, kufika 40 kunali kovuta. Amakaniko ena awiri omwe ndinayamba kuwaonetsa onse anathamangira kabuleta, wina kutsuka, wina kupotokola tisikuluwu, pulagi yatsopano, koma ayi ndithu palibe chinasintha. Kava wa lamba wa kumanzere uja sanamukhudze nkomwe.

Madalawa anangokakwera kufika pakona nkubwerera, amvekere "achimwene, injini yanu ili bhobho, mphamvu ikutayikira panjira isanafike kutayala." Nde anamasula mabawuti a kava ndili pompo. Zomwe ndinaona mkatimo ndi fumbi lakuda bii, la labala wa lamba losakanikirana ndi dothi la mumsewu, lochita kumatirira.

Mwina ena simunaonepo mkatimo. Sikuta ilibe magiya osintha ndi phazi, ili ndi mbale ziwiri kutsogolo, mbale ziwiri kumbuyo, ndi lamba pakati. Kutsogoloko ndi kumene kuli variator, mkati mwake muli marola 6, injini ikamathamanga marolawo amaponyedwa chakunja nkumakankha mbale imodzi kuti ifinye lamba, lambayo nkumakwera pamwamba. Kumbuyo kuli sipuling'i yaikulu yomwe imakana zimenezo, imafuna kuti lamba abwerere pomwe anali. Nde giya yomwe ukuyendera nthawi iliyonse imachokera pa kulimbana kwa ziwirizi, marola akukankha uku sipuling'i ikukana. Zili ngati njinga yakapalasa ya magiya ija, ukaika giya yolemera pachitunda miyendo imakana, ukaika yopepuka pamalo osalala umangopalasa mphepo. Kilatchi nayo ili kumbuyo komweko, ili ndi mapadi atatu ndi timasipuling'i titatu, ntchito yake ndi ponyamuka basi, ma rev, kutanthauza liwiro lomwe injini ikuzungulira, akakwera mapadi amatambasuka nkugwira belu, chitsulo chonga bakuli chomwe chimavindikira kilatchiyo, tayala nkuyamba kuzungulira.

Chomwe chinandipatsa chikhulupiriro poyamba ndi mmene anamasulira nati ya variator. Ambiri amangolowetsa sikuludiraiva pakati pa mapiko a mbale yakunja ija nkumenya nati ndi hamala ndi tchizulo, mapiko nkuthyoka. Madalawa ali ndi kachitsulo kawo kogwirira kuti mbale isazungulire, anachita kuwotcherera okha, ndipo pobwezera amaonetsetsa kuti mawashala onse akhala bwino pa mano a kirankishafuti asanamange, chifukwa ukamanga chopendekeka mano aja amadyeka ndipo pamenepo nde kuti injini yonse itsegulidwe.

Lamba anali atadyeka m'mbali. Pamsana pake manambala amaonekabe pang'ono, 669-18-30, kutanthauza kutalika mamilimita 669, mulifupi 18, ndi kupendekeka kwa m'mbali madigiri 30. Atayeza anapeza kuti 18 uja palibenso, watha kupitirira milimita imodzi, ndipo ukamupinda amaonetsa ming'alu. Milimita imodzi imamveka ngati yochepa koma lamba akaonda samafikanso kumapeto kwa mbale yakutsogolo, nde sipidi yapamwamba imapita choncho. Apa chenjerani pogula, timasikuta ta injini yomweyi tilipo ta mitundu iwiri, ta kesi yaifupi timalowa 669, ta kesi yaitali ta matayala akuluko timalowa 729-17.7-30, wogulitsa akakupatsani wina aliyense bola walembedwa GY6 mukavutika. Madalawo anandiuza kuti ndisake wa Bando kapena Gates, ndipo poti zachinyengo zachuluka ndione kalembedwe ka manambala ndi kudula kwa m'mbali ngati kuli kosalala.

Marola onse anali ataphwatalala mbali imodzi, mmalo mogubuduzika amangokhuluzika nkumakakamira panjira. Timapulasitiki titatu totsetsereka ta mu variator tinali titatha mpaka mbale imachita phokoso. Ku kilatchi mapadi anali akadali ndi nyama koma atasalala mochita kunyezimira, belu litasanduka labuluu mkati chifukwa cha kutentha, kunjenjemera konse kuja kumachokera pamenepo. Anapala mapadi ndi sandipepa, belu naloso chimodzimodzi, kutsuka mbale zonse kuti pasakhale olo kadontho ka mafuta, nkupaka gilizi watsopano mkati mwa mbale yakumbuyo momwe muli timapini, wochepa chabe kuti asathawire pa lamba.

Tsopano apa ndi pomwe ndikuwayamikira kwambiri madalawa. Sanayambe ndi kusintha kulemera kwa chilichonse. Anati choyamba kanjinga kabwerere mmene kanachokera ku fakitale, lamba watsopano, marola atsopano olemera ngati akale aja, tione kaye kakuyenda bwanji, chifukwa ukamatchuna pa zinthu zakutha sudziwa chomwe chakuthandiza. Ndipo zoona, ndi zimenezo zokha kunjenjemera kunatha, sipidi inabwerera. Chomwe chinatsala ndi chitunda, kamakwera inde koma mofooka, makamaka ndikanyamula katundu kumbuyo.

Nde anatulutsa kachitini kodzaza marola a 16x13, omwe ndi saizi ya injini imeneyi, ndi kasikelo kakang'ono koyezera magalamu chifukwa akuti zolembedwa pa paketi sakhulupirira. Lamulo lawo ndi limodzi, kusintha chinthu chimodzi, kutseka kava, kukakwera chitunda chomwechomwecho, kubwerera. Marola opepuka amachedwa kukankha mbale nde injini imayamba yakwera ma rev isanalowe giya yolemera, olemera amafulumira nde injini imabanika. Kainjini aka mphamvu yake ndi pafupifupi 3 hp basi ndipo imatuluka ma rev akakhala pamwamba cha mma 7,000 umu, ukakayendetsa pansi pa pamenepo kamakhala ngati kalibe kanthu. Tinayesa a magalamu 5, eee ponyamuka kamachita kudumpha ndithu, koma pamalo osalala injini imangokuwa osawonjezera liwiro. A magalamu 7 anali abwino pa Highway koma pachitunda ulesi uja umabwerera. Pomaliza anasakaniza atatu a 6 ndi atatu a 7, kuika modumphitsa, uyu wa 6 uyu wa 7 kuzungulira, kuti mbale isapendekere mbali imodzi, ndipo pamenepo mpomwe panakhala bwino kwa ine ndi kulemera kwanga ndi misewu yomwe ndimadutsa. Musangokopera manambalawa, munthu wa ku Lilongwe komwe kuli kosalala kapena wochepa thupi atha kufuna ena.

Kanzeru kena komwe ndinakakonda, anajambula mzere ndi maka pa mbale ya variator kuchokera pakati mpaka kumapeto, nditathamangitsa nkubwerera anatsegula kuona pomwe lamba wafufuta. Pomwe inki yatsala ndiye kuti lamba sakufikapo. Ndi a magalamu 5 aja inki imatsala yambiri, ndi osakanizawa inatsala pang'ono penipeni kumapeto. Palibe kukangana, umaona ndi maso ako.

Za masipuling'i ndinafunsa ndine, paja m'mashopu amagulitsa amitundumitundu olembedwa 1000, 1500, 2000 rpm ndipo anyamata amakonda kunena kuti ofiira ndi a mpikisano. Madala anakana kundiikira olimbitsitsawo. Akuti timasipuling'i ta kilatchi tikalimba kwambiri injini imayenera kukuwa kaye tayala lisanasunthe, nde mu mzere wa magalimoto ku Limbe kapena pa Ginnery Corner komwe umangoima nkunyamuka kilatchi imakhala ikutsetsereka nthawi yaitali, imatentha, belu nkubwereranso kukhala labuluu lija. Anandiikira a 1000 basi. Sipuling'i yaikulu anasiya yomwe inalipo atayeza kutalika kwake nkuona kuti sinafooke, akuti ukailimbitsa uyambirenso kusaka marola ena olemera ndipo lamba amatha msanga. Anaonjezanso kuti mtundu wa penti osaudalira, kampani iliyonse imapaka mmene ikufunira. Ndipo ngati mumakonda kudzimasulira nokha kunyumba, nati yaikulu ya kilatchi ija ili ndi sipuling'i yopanikizika pansi pake, ikamasuka osaigwira bwino zonse zimaulukira kumaso.

Oyilo wa magiya akumbuyo anamutsitsanso. Ndi wosiyana ndi wa injini, amalowa pafupifupi mamililita 100 okha, ndipo amene anatuluka anali wotuwa ngati munalowa madzi. Anthu ambiri sadziwa nkomwe kuti kumeneko kuli oyilo.

Zosasangalatsa nazi. Madalawa ndi ochedwa, ndipo wakabaza akafika ndi tcheni chodukira panjira amasiya yako nkuyamba yake chifukwa akuti mnzathuyo akudya pomwepo, zomveka koma ngati wapempha chilolezo kuntchito zimapweteka. Masipeyala a sikuta sasunga, kupatula marola a mkachitini aja, nde lamba ndinachita kuyenda ndekha mashopu a ku Ndirande konko mpaka ku Limbe, ambiri ali ndi za Boxer ndi Lifan basi. Mitengo nayo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 sinabwererenso, lamba yekha anadula kuposa ndalama yomwe madala analipiritsa ntchito yonse. Lisiti kulibe, zonse ndi pakamwa, nde gwirizanani mtengo asanamasule bawuti yoyamba. Malo okhala kulibenso, mvula ikagwa pansi ndi matope okhaokha. Komanso wachinyamata amene amawathandiza anaiwala kumanga bawuti imodzi ya kava, ndinaiona ndekha ndisananyamuke, madala anamudzudzula pompo, koma muziyang'ana.

Panopa chitunda cha kwathu ndimakwera osatsika pansi pa 30 pa sipidomita yake, pa Highway kamafika cha mma 55, ponyamuka kamachoka mosalala. Petulo kakumwa mowonjezerako pang'ono poyerekeza ndi marola a 7 okhaokha, ndi mmene mafuta amasowera nthawi zina izi ndinaziganizira ndithu, koma bola zimenezo kusiyana ndi kumatsika nkumakankha. Amene mukufuna sikuta ya 50cc izithamanga 80 musapiteko, akuuzani okha kuti marola sawonjezera mphamvu ya injini, amangosankha pomwe mphamvu yomwe ilipo igwire ntchito. Anandiuza kuti nyengo ya fumbi ikatha, mvula isanayambe, ndibwerenso atsegule kava apemerere ndi kuyezanso lamba, ndiponso ndisalole aliyense kuboola mabowo pa kavayo ati kuti muzizizira, chifukwa m'misewu yathu ya dothi mabowo amenewo ndi khomo la mchenga.