ICAIL ndi JURIX: wopita ku misonkhano ya AI ndi malamulo amabwerako ndi chiyani?

Anzanga ophunzitsa malamulo amakonda kundifunsa kuti ngati munthu wapeza ndalama ya ulendo umodzi wokha, apite ku msonkhano uti wokamba za AI (makompyuta otsanzira nzeru za munthu) ndi malamulo. Misonkhano yotere yachuluka masiku ano, ndipo yambiri ndi misika chabe kumene makampani amakatsatsa mapulogalamu awo. Ine ndikamba za iwiri yokha imene ndimaitsata ndi kuwerenga mapepala ake, ICAIL ndi JURIX. Iwiriyi inayamba kalekale kusanabwere ChatGPT, pulogalamu yoyankha mafunso ngati munthu, ndipo eni ake ndi anthu ochita kafukufuku.

Msonkhano wa ICAIL unayamba mu 1987 ku Boston, pa Northeastern University, ndipo kwa zaka zambiri wakhala ukuchitika kamodzi pa zaka ziwiri, kawirikawiri mu Juni. Umayendetsedwa ndi IAAIL, bungwe la ofufuza za AI ndi malamulo, ndipo mapepala ake amasindikizidwa ndi ACM, bungwe la akatswiri a zamakompyuta. JURIX ndi mng'ono wake ndi chaka chimodzi chokha. Inayambira ku Netherlands mu 1988, imachitika chaka ndi chaka mu Disembala, ndipo imazungulira m'mizinda ya ku Ulaya: ku Madrid mu 2019, ku Vilnius mu 2021, ku Maastricht mu 2023, ku Brno mu 2024. Nkhope zambiri ndi zomwezomwezo kuwiri konseku, ndipo ambiri mwa anthuwa ndi omwenso amalemba mu magazini ya kafukufuku ya Artificial Intelligence and Law, imene inayamba kutuluka mu 1992.

Sabata ya ICAIL nthawi zambiri imayenda chonchi: Lolemba ndi Lachisanu ndi masiku a timisonkhano ta mbali, ndipo masiku atatu apakatiwo ndi a msonkhano waukulu. Ubwino wake woyamba ndi kuchepa kwake. Si wa anthu masauzande ngati misonkhano ikuluikulu ya zamakompyuta, kumene pepala lanu limangokhala chipepala chimodzi pakhoma pakati pa zina zosawerengeka. Kuno munthu amene dzina lake mwakhala mukuliona pa mabuku mumamupeza nthawi yopuma, n'kumufunsa funso, iye n'kukuyankhani. Palinso gawo la ophunzira a PhD, kumene wophunzira amafotokoza kafukufuku wake akatswiri n'kumupanikiza ndi mafunso. Kwa wophunzira, gawo limeneli ndi laphindu kuposa zonse za m'holo yaikulu.

Koma chimene mumalipira kwenikweni ku ICAIL ndi mkangano. Anthu amenewa akhala akukangana nkhani imodzi kwa zaka zoposa 35, ndipo nkhaniyo ndi iyi: kompyuta ikanena kuti uyu ndiye awine mlandu, kodi ingathe kufotokoza chifukwa chake m'njira imene loya wa mbali inayo angatsutse? Ine ndimaona kuti palibe malo ena kumene funso limeneli limafunsidwa mouma khosi chotere, ndipo ndicho chifukwa chake ndimaulemekeza msonkhanowu ngakhale uli ndi zofooka zimene ndizitchula pansipa.

Kuti mumve kumene mkanganowu unachokera muyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono. Mu 1986 a Marek Sergot, a Robert Kowalski ndi anzawo a ku Imperial College ku London anatenga lamulo la unzika la ku Britain la 1981 n'kulilemba ngati pulogalamu ya kompyuta. Pa zinthu zoti kodi munthu anabadwira kuti, liti, ndipo makolo ake anali nzika kapena ayi, zinayenda bwino ndithu. Koma lamulo lomwelo limanenanso kuti wofuna unzika akhale wa khalidwe labwino. Khalidwe labwino mungalilembe bwanji mu pulogalamu? Apa m'pamene anthu ena anati malamulo samathera pa mawu a m'buku, amapitirira m'milandu imene inaweruzidwa kale. Mayi Edwina Rissland ndi a Kevin Ashley anapanga pulogalamu yotchedwa HYPO, yoona milandu ya kuba zinsinsi za bizinezi ku America. HYPO sinkanena kuti wawina ndi uje. Inkatchula mlandu wakale wofanana ndi wanuwo, kenako n'kuyankha ngati loya wa mbali inayo posonyeza pamene milandu iwiriyo ikusiyana, mwina kuti pa mlandu wakalewo mwini chinsinsi anachisunga bwino pamene pa uno anauzako anthu akunja, kenako n'kubwereranso ku mbali yoyamba kudzayankha. Aliyense amene anaimapo m'khoti akudziwa kuti umu ndi momwe zimakhalira. Pulogalamu ya zaka za m'ma 1980 imeneyi inkamvetsa ntchito ya loya kuposa zinthu zambiri zonyezimira zimene zikugulitsidwa lero.

Mukapita konzekerani kumva za nkhandwe. Anthu a ICAIL ndi JURIX ali ndi milandu yawo yapamtima imene amaibwereza osatopa. Wina ndi wa Pierson ndi Post wa mu 1805 ku New York: Post ankathamangitsa nkhandwe ndi agalu ake, Pierson n'kutulukira, kuipha, n'kuinyamula. Khoti linati kuthamangitsa kokha sikukupanga munthu kukhala mwini, choncho nkhandwe ndi ya Pierson. Wina ndi wa Popov ndi Hayashi wa mu 2002 ku California, wolimbirana mpira wa baseball umene Barry Bonds anamenya. Popov anaugwira koma chikhamu cha anthu chinamugwetsa, Hayashi n'kuutola. Woweruza analamula kuti mpirawo ugulitsidwe agawane ndalama, ndipo unagulidwa pa madola 450,000. Poyamba mungaone ngati anthu akuluakulu akusewera. Koma a Donald Berman ndi mayi Carole Hafner, m'pepala lawo la ku ICAIL ya 1993 ku Amsterdam, anagwiritsa ntchito milandu ya nyama zakutchire yomweyi posonyeza kuti kufananitsa milandu kokha sikukwanira. Majaji amasankha molingana ndi cholinga chimene akufuna kuteteza, kaya ndi kuchepetsa mikangano pokhala ndi lamulo lomveka, kaya ndi kuteteza munthu amene akugwira ntchito yomupezetsa chakudya. Ntchito yambiri ya a Trevor Bench-Capon, a Giovanni Sartor, a Henry Prakken ndi mayi Katie Atkinson inatsatira njira imeneyi. Komabe ndinene zoona, nkhandweyo yatopa, ndipo ikanapumitsidwako sizikanalakwika.

Kenako kunabwera olosera. Mu 2016 gulu lotsogozedwa ndi a Nikolaos Aletras linatulutsa kafukufuku wonena kuti kompyuta inalosera molondola zigamulo 79 pa 100 zilizonse, pa milandu 584 ya khoti la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu ku Strasbourg. Manyuzipepala anaimba ng'oma kuti jaji wa makina wafika. Amene anafunsa funso loyenera ndi anthu a m'misonkhano yomweyi. Mayi Masha Medvedeva ndi anzawo a ku Groningen anasonyeza kuti kafukufuku wambiri wa mtundu umenewu amapatsa kompyuta mawu otengedwa m'chigamulo chomwecho, mawu amene khoti linalemba litadziwa kale kumene mlandu ukupita. Kumeneko si kulosera ayi. Kuli ngati kufunsa mlenje kuti wapha chiyani nyanga zikuoneka kale pamwamba pa thumba. Ukapatsa kompyuta zolembedwa zimene zinalipo mlandu usanagamulidwe, manambala aja amatsika. Ngati mukufuna kudziwa chimene misonkhano iyi imathandiza, chitsanzo ndi chimenechi: nambala yokongola imafika, anthu n'kuivula.

ICAIL ya 2023 inachitikira ku Braga, ku Portugal, kuyambira pa 19 mpaka pa 23 Juni. Sabata yomweyo, pa 22 Juni, woweruza wa ku New York analipiritsa maloya chindapusa cha madola 5,000 pa mlandu wa Mata ndi Avianca, chifukwa chopereka kukhoti milandu yabodza imene ChatGPT inangopeka. Chaka chomwecho kunamveka kuti GPT-4, pulogalamu ya kampani imene inapanga ChatGPT, yakhoza mayeso a uloya a ku America kuposa anthu 90 pa 100 alionse, ndipo pambuyo pake a Eric Martínez anawerengeranso n'kupeza kuti poyerekeza ndi olemba koyamba komanso ndi amene anakhozadi, malo ake anali otsika kwambiri, makamaka pa mafunso ofuna kulemba chimangirizo. Pepala lawolo linatuluka mu magazini ndatchula ija. Kuyambira nthawi imeneyo mapepala a makina olankhula ngati ChatGPT asefukira kuwiri konseku, ndipo apa ndi pamene ndimayamba kudandaula. Ambiri mwa iwo amafanana: tinatenga milandu yakutiyakuti, tinafunsa mapulogalamu angapo, nayi tebulo ya manambala. Pa msonkhano wina umene sinditchula dzina, mnyamata wina atamaliza kuonetsa tebulo yotereyi mayi wina wachikulire anamufunsa kuti pa milandu imene pulogalamu inalakwitsa, wawerengako ingati ndi maso ake. Mnyamatayo anayankha moona mtima kuti sanawerengeko. Mapepala otere amakalamba msanga, chifukwa pulogalamu imene anaiyesa imakhala itasinthidwa bukulo lisanatuluke.

Zofooka zina ndi zakale. Tayang'anani kumene ICAIL yakhala ikuchitikira: Vancouver, Oxford, Oslo, Edinburgh, Bologna, Barcelona, Pittsburgh, Rome, San Diego, London, Montreal, Chicago mu 2025. Pofika 2025, kunja kwa Ulaya ndi North America kunali Melbourne mu 1997, ndi São Paulo mu 2021, koma umenewo unachitika pa intaneti chifukwa cha COVID-19. Munthu wochokera kutali amalipira ndege, malo ogona, ndalama yolembetsera ndi viza, ndipo pepala lolandiridwa limafuna kuti mmodzi mwa olemba alembetse. Zotsatira zake zimaonekera m'mapepala momwe. Malamulo amene amafufuzidwa ndi a maiko amene zigamulo zawo zili kale pa intaneti mochuluka, monga America, maiko a ku Ulaya, Canada, China, Japan, India ndi Brazil. Anthu mamiliyoni ambiri pa dziko lapansi amaweruzidwa ndi malamulo osalembedwa, pamaso pa atsogoleri awo, m'zilankhulo zimene makinawa sazidziwa bwino, ndipo za iwo simumva kwenikweni. Chodabwitsa n'chakuti Akoma Ntoso, njira yolembera malamulo kuti kompyuta iwawerenge imene imatchulidwa kwambiri ku JURIX, inachokera ku ntchito ya United Nations yothandiza nyumba za malamulo za mu Africa, koma amene amaikamba kwambiri m'misonkhanoyi ndi a ku Bologna monga mayi Monica Palmirani.

Chinanso, maloya oima m'khoti ndi majaji ndi ochepa m'holo. Mapepala ena a kaganizidwe ka masamu amadzaza ndi zizindikiro moti loya wamba amatayika pa tsamba lachiwiri, ndipo olemba ena sayesako n'komwe kupereka chitsanzo cha mlandu weniweni. Vutoli ndi la mbali zonse ziwiri, chifukwa nawonso a zamalamulo ambiri safuna kuphunzira ngakhale pang'ono za momwe makinawa amagwirira ntchito.

JURIX ndi yaifupi, ya masiku atatu, ndipo imapendekera ku nkhani za ku Ulaya monga lamulo loteteza zinsinsi za anthu la GDPR ndi lamulo la AI la European Union limene linayamba kugwira ntchito pa 1 Ogasiti 2024. Mabuku ake amasindikizidwa ndi IOS Press, ndipo a zaka zaposachedwapa mutha kuwawerenga ulere pa intaneti, chinthu chimene ndimachiyamikira kwambiri. Poti imachitika chaka ndi chaka, anthu amabweretsa ntchito imene ikadali pakati, ndipo mafunso amakhala ofewerako. Kwa munthu wongoyamba kumene, ine ndingati ayambire kumeneko. Kwa amene amakonda kupikisana palinso COLIEE, mpikisano wapadera umene unayamba mu 2014, kumene magulu amayesa mapulogalamu awo pa mafunso a mayeso a uloya a ku Japan ndi pa milandu ya khoti la ku Canada. Ubwino wake ndi wakuti aliyense amalandira mafunso ofanana, choncho palibe wodzichemerera ndi mayeso odzikonzera yekha.

Tsono apite ndani? Ngati ndinu loya amene mukufuna pulogalamu yoti ikuthandizeni kufufuza milandu mu ofesi mwezi wamawa, sungani ndalama zanu, kumeneko kulibe chogula. Ngati muli ndi kafukufuku ndipo mukufuna anthu oti amugwedeze mpaka muone pamene pali pofooka, ICAIL ndi yoyenera ulendowo, makamaka mukakhala ndi pepala lanu kapena malo m'gawo la ophunzira lija. Kupita wopanda pepala, kungokamvera, ine sindikulimbikitsa, chifukwa zokambidwazo mutha kuziwerenga muli kwanu. Musanalembe chilichonse, werengani pepala la a Berman ndi mayi Hafner lija ndi mabuku awiri omaliza a JURIX, kuti musabwere ndi chinthu chimene anthuwa anachikambirana kale mu 1993 mukuyesa n'chatsopano. Mapepala a ICAIL amafunika kumayambiriro kwa chaka, a JURIX cha mu Seputembala, ndipo za viza muziyambe tsiku lomwelo mwalandira uthenga woti pepala lanu lavomerezedwa.